Denga lopanga magetsi liyesedwe kaye ku Bembeke lisanagulitsidwe kwa alimi

Kunja kwatuluka pepala la pulasitiki lopanga magetsi. Ndi lopyapyala, lopepuka, lopindika moti munthu akhoza kulikulunga ngati mkeka n'kulinyamula paphewa. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa ndithu: ukasuzumira umaona za kuseri, kungoti zimaoneka zobiriwira, zabuluu kapena zofiirira malinga ndi mankhwala amene analipangira. Akatswiri a ku America, Germany, China ndi Israel akuliyala pamadenga a ma greenhouse, nyumba za pulasitiki kapena galasi zolimiramo mbewu, kuti denga limodzi lomwelo lizitchinga mbewu kwinaku likupereka magetsi. Ine pepala limeneli ndikulifuna kwathu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chimene ndikukana n'chakuti lifike kudzera m'thumba la mlimi. Lifikire kumalo a kafukufuku, lipse ndi dzuwa lathu, linyowe ndi mvula yathu kwa zaka ziwiri kapena zitatu, zotsatira zake zilengezedwe poyera m'Chichewa. Zimenezi zisanachitike, wina aliyense wobwera kudzanyengerera kalabu ya alimi kuti itenge ngongole yogulira denga lotere abwezedwe mwaulemu.

Tiyambe ndi chimene chikukokera alimi athu ku greenhouse, pakuti n'chosiyana ndi cha anzathu a ku Ulaya. Iwo amathawa chisanu ndi mdima wa miyezi yozizira. Ife tikuthawa mvula. Kuchokera ku Bembeke, kudutsa pa Lizulu ndi pa Mlangeni mpaka kukafika ku Tsangano, tomato wa m'dimba amabereka m'chilimwe ndipo aliyense amakhala naye nthawi imodzi. M'mbali mwa msewu wa M1 mabeseni ndi madengu amangoti mbwee, venda wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndiye amatchula mtengo, mlimi n'kuvomera chifukwa akakana lero mawa tomatoyo wafewa. Ndalama zenizeni zili m'dzinja, pamene tomato amasowa m'tauni. Koma m'dzinja momwemo ndi mmene chiwawu chimalusa.

Amene analimapo tomato kapena kachewere kumapiri kuno akuchidziwa chiwawu. Chimayamba ndi kachigamba konyowa, kotuwa, kunsonga ya tsamba. M'mawa mwake ukatembenuza tsambalo upeza tinkhungu toyera tazungulira kachigambako. Kukachita mvumbi masiku atatu kapena anayi tsinde lada, zipatso zatuluka zigamba zolimba zoderako, munda wonse ukununkha chivundi. Mlimi apopera mankhwala a Dithane m'mawa, masana mvula yatsuka, mawa akagulanso wina. Matendawa amakonda malo ozizira ndi achinyezi, ndipo mapiri athu, kumene tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye kwawo kwenikweni. Ndi matenda omwewa amene anapululutsa mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu n'kufa ndi njala. Denga la pulasitiki limathandiza pa chinthu chimodzi chachikulu: masamba sanyowa. Ukatchinganso m'mbali ndi neti yatimabowo ting'onoting'ono, wachepetsa ntchentche zoyera ndi kambozi kaja ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kanafika ku Spain mu 2006 n'kufalikira mpaka kuno.

Koma denga likatchinga mvula, dontho lililonse limene mbewu imwe liyenera kubwera ndi munthu. Tengani greenhouse ya mamita 8 m'lifupi ndi 30 m'litali. Mumalowa mitengo ya tomato pafupifupi 600, ndipo mtengo wobereka umamwa malita awiri pa tsiku lotentha. Amenewo ndi malita 1,200, zigubu 60 za malita 20, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe. M'mabanja ambiri ntchito imeneyi imagwera mayi ndi ana ake, kuchoka kuchitsime kukwera mtunda kukathira mu thanki. Palibe banja lingapirire zimenezi nyengo yonse popanda pampu. Pampu ya petulo imadya phindu, ndipo mafuta akasowa pa filing'i tomato sadikira. Magetsi a ESCOM nawo safika kudimba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, 11 zokha ndi zimene zinali zolumikizidwa, kumudzi zinali pafupifupi 4. Ngakhale olumikizidwawo sanaiwale za Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndiye nkhani yoti greenhouse iziyendera sola siyofunikanso kukangana. Funso n'lakuti sola yake iti.

Mapanelo amene tinawazolowera, kuyambira kapanelo kotchajira foni kamene kali padenga la udzu mpaka aja anandandalikidwa ku Golomoti, pamalo opanga mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, onse ndi a silikoni. Ndi akuda, olimba, ophimbidwa ndi galasi, ndipo amameza kuwala konse kumene kwawagwera. M'pepala latsopanoli mulibe silikoni. Pa Chingerezi amati organic solar cells. Amatenga mankhwala a kaboni, achibale a utoto ndi pulasitiki, n'kuwasungunula kukhala inki, kenako n'kuwadinda pa mpukutu wa pulasitiki. Kansalu ka mankhwala kamene kamagwira kuwalako n'kopyapyala pafupifupi mananomita 100, moti mungafunike kusanjikiza mazanamazana kuti mufike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Nzeru yake yagona pa mitundu ya kuwala. Kuwala kwa dzuwa n'kosakanikirana, mitundu yake ndi ija timaiona mu utawaleza. Tsamba limadya kwambiri kuwala kofiira ndi kwabuluu. Kupitirira pa kofiira pali kuwala kwina kumene maso athu saona, kotchedwa infrared, ndipo kumeneku kumanyamula pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa yofika padziko. Kwa mbewu kuwala kumeneku sikupanga chakudya kwenikweni, kumangotenthetsa tsamba ndi mpweya. Silikoni sasankha. Koma mankhwala a kaboni akhoza kukonzedwa kuti azimeza kwambiri infrared, n'kulola gawo la kuwala kofiira ndi kwabuluu kuti litsikire ku mbewu. Ndiye kuti denga likutenga chimene chimavutitsa tomato mu Okutobala n'kuchisandutsa magetsi opopera madzi. Ganizo limeneli ndi labwino kwambiri, ndipo amene analiyamba ndimawachotsera chipewa.

Luso lake silinayambe dzulo. Mu 1986 Ching Tang, wa ku kampani ya Kodak ku America, anapanga kaselo kotere, ndiko kachidutswa kopanga magetsi, kamene kanatha kusandutsa pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. Mu 2000 Alan Heeger, Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira mapulasitiki odutsa magetsi. Mu 2019 gulu la Yingping Zou, wa ku Central South University ku China, linatulutsa mankhwala otchedwa Y6 amene anakweza chiwerengerocho kupitirira 15 peresenti, ndipo pofika 2024 m'malabotale chinali chitafika pa 19 mpaka 20. Makampani monga Heliatek ya ku Dresden ku Germany ndi infinityPV ya ku Denmark anayamba kale kugulitsa mapepala amtunduwu. Koma manambala okongola a mu labotalewo ndi a timaselo tochepa kuposa chikhadabo, tosadutsa kuwala, toyezedwa m'chipinda. Likakhala pepala lalikulu, lopindika, lodutsa kuwala, manambala amagwa kwambiri.

Ndinene kaye zimene zimandikoka mtima. Choyamba ndi kupepuka. Panelo ya silikoni ya mawati 400 imalemera makilogalamu oposa 20. Ma greenhouse a alimi wamba kuno amamangidwa ndi bulugamu, nsungwi kapena mapaipi opyapyala opindidwa, ndipo denga lake ndi lokhota. Simungakwezepo galasi. Pepalali sikweya mita imodzi siifika makilogalamu 2, ena safika n'komwe kilogalamu imodzi, ndipo limatsatira kukhota kwa denga. Komanso silifooka kwambiri likatentha, pamene silikoni amataya mphamvu akamatenthedwa, ndipo limagwirako ntchito kukakhala mitambo.

China ndi kutentha, ndipo apa ndiye pali nkhani. Lowani mu greenhouse ya pulasitiki masana a Okutobala: thukuta limatuluka musanafike pakati, masamba akumwamba apindika, pansi pa mzere pali timaluwa tachikasu tayoyoka. Kutentha kukapitirira madigiri 32 kwa masiku angapo mungu wa tomato umafooka, duwa limagwa lisanagwire chipatso, ndipo m'kati mwa pulasitiki yosapita mphepo kumadutsa madigiri 40 mosavuta. Alimi odziwa amakoleka neti ya mthunzi kapena kupaka laimu padenga. Ndiye kuti akulipira ndalama kuti athamangitse dzuwa. Ngati pali mthunzi umene ungathe kupopanso madzi ndi kuzunguza fani, mlimi aliyense wanzeru adzaufuna, makamaka kunsi kwa phiri, ku Golomoti, ku Mtakataka, ku Sharpevale ndi kuchigwa cha Bwanje, kumene dzuwa limawamba.

Kafukufuku wa kunja akulimbikitsa ndithu. Ku North Carolina State University, mu 2020, anawerengera pa kompyuta n'kupeza kuti kumalo adzuwa ngati Arizona greenhouse ya tomato ikhoza kudzipangira magetsi onse amene imafuna pa chaka, denga litangotchinga pafupifupi 10 peresenti ya kuwala kumene mbewu imadya. Mu 2021 anadzala letesi wofiira pansi pa mapepala amtunduwu kwa masiku 30, ndipo anakula chimodzimodzi ndi mnzake wa pakuwala konse. Mu 2023 gulu la Yang Yang ku University of California, Los Angeles linaonjezera kansalu ka mankhwala otchedwa L-glutathione koteteza maselo, ndipo atawawalitsa maola 1,000 osalekeza anapeza kuti asungabe mphamvu yoposa 80 peresenti. Tirigu, mphodza ndi broccoli zimene anadzala pansi pake zinakula bwino kuposa za pansi pa galasi wamba.

Tsono tiwerenge bwino zimene zanenedwazo. Choyamba chija n'cha pa kompyuta. Chachiwiri ndi letesi, mbewu yokonda mthunzi, yolimidwa m'mabokosi kwa mwezi umodzi. Chachitatu anachitira mu timagreenhouse ting'onoting'ono toika patebulo, ndipo maola 1,000 mukawagawa ndi maola 8 a dzuwa pa tsiku akukwana miyezi inayi basi, nyengo imodzi ya tomato. Pamene anthu anayala mapepala akuluakulu padenga la greenhouse yeniyeni, ku University of Arizona mumzinda wa Tucson, kuyambira Okutobala 2019 mpaka Febuluwale 2020, mapepalawo ankasandutsa pafupifupi 2 peresenti yokha ya dzuwa, ndipo m'miyezi isanu yomweyo mphamvu yawo inatsika ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Panelo ya silikoni ya pamsika imasandutsa 20 peresenti kapena kuposa, ndipo opanga ake amalonjeza zaka 25.

Chimene chimapha mapepalawa chimadziwika: mpweya, chinyezi ndi kuwala kowotcha kwa ultraviolet. Zikangolowa pa kamng'alu kapena m'mphepete, mankhwala aja amawonongeka. Denga la greenhouse siligona tulo, mphepo imalikupiza usana ndi usiku, ndipo kupindikapindikako ndiko kumatsegula ming'alu ndi kumasula mawaya. Nanga kwathu kuno, kumene tili pafupi ndi equator ndiponso pamwamba pa mapiri, ultraviolet ndi waukali kuposa ku Germany. Tili ndi mwera wa mu Juni ndi Julayi, akamvuluvulu a mu Seputembala, fumbi la chilimwe, matalala a mvula yoyamba. Pulasitiki ya greenhouse yeniyeni, yonenepa mamaikironi 200 ndi yotetezedwa ku dzuwa, imatha zaka zitatu kapena zinayi. Mapepala a lero ndi abwinopo kuposa a 2019, zimenezo n'zoona, koma ubwino wake uyenera kuoneka pa denga la ku Dedza, osati pa kabuku ka wogulitsa.

Tiyeni tiwerengere pa greenhouse yathu ija ya mamita 8 ndi 30. Malo ake ndi masikweya mita 240. Tiphimbe gawo limodzi mwa magawo anayi, masikweya mita 60. Dzuwa la masana kopanda mitambo limapereka mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita. Pa 2 peresenti tipeza mawati 1,200. Tikhale owolowa manja tinene 4 peresenti, tipeza 2,400. Koma mawati 1,200 omwewo akuchokera m'mapanelo atatu a silikoni a mawati 400, okwana pa masikweya mita 6, pamwamba pa sitandi ya thanki kapena padenga la kanyumba kosungira feteleza. Ndipo kukweza malita 1,200 kuchokera pachitsime cha m'dimba sikufuna n'komwe mawati onsewo, pampu ya mawati mazana ochepa imamaliza dzuwa lisanapendeke. Mapanelo amenewa akupezeka m'masitolo a ku Lilongwe ndi m'maboma, ndipo pa Dedza boma kapena pa Ntcheu boma simusowa mnyamata wodziwa kuwalumikiza.

Pa mtengo ndiye mpata ndi waukulu. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo a silikoni padziko lonse unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti, chifukwa cha mafakitale akuluakulu a ku China. Mapepala a kaboni akupangidwabe pang'onopang'ono, ndipo wati imodzi ndi yokwera mtengo kangapo. Onse amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mlimi amene wagula chinthu cha zaka 25 wathana nayo nkhani ya dola kamodzi. Amene wagula chinthu chofuna kusintha pakapita zaka zochepa adzabwereranso ku dola, tomato wake akugulitsidwa m'makwacha pa Lizulu.

Pali nkhani ina imene sindinaione ikukambidwa mokwanira, ndipo ndi yathu yeniyeni. Greenhouse ya kumapiri kuno imabweza ndalama m'dzinja. Koma Januwale ndi Febuluwale ku Bembeke ndi ku Tsangano ndi miyezi ya mitambo, nkhungu imatha kukuta phiri mpaka dzuwa kukwera. Nthawi imeneyo tomato ali ndi njala ya kuwala. Alimi a ku Netherlands, amene anaizama ntchito ya greenhouse, ali ndi kawerengedwe kawo: kuwala kukachepa ndi 1 peresenti, zokolola za tomato zimachepanso ndi pafupifupi 1 peresenti. Mapepala amene ali pamsika samameza infrared yekha ayi, amadyako gawo lalikulu la kuwala kumene tsamba likufuna. Denga likalanda 10 peresenti m'miyezi imeneyi, mlimi wataya beseni limodzi mwa mabeseni 10 pa nthawi imene beseni lili pamtengo wapamwamba. Mthunzi ndi chinyezi zimachedwetsanso masamba kuuma mame, matenda a nkhungu n'kupeza polowera. Kuonjezera apo, m'dzinja mlimi akhoza kukolola madzi a padenga lomwelo kulowetsa mu thanki, pampu n'kupuma. Ndiye kuti mwezi umene pepala likuwononga kwambiri ndi womwewo umene magetsi ake akufunika pang'ono. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikabwera ndipo usiku chisanu chikuwaula mbewu m'madambo, mlimi amafuna kutentha kulowe m'greenhouse, osati kutchingidwe.

Pamenepa mpamene kupindika kwa pepalali kungakhale ndi phindu lenileni kwa ife. Lisamatiridwe padenga chaka chonse. Likhale lofunyulula mu Seputembala n'kukulunganso mvula ikakhazikika, kapena lipachikidwe m'kati, kunsi kwa pulasitiki, kumene mvula ndi fumbi sizilifika. Likakulungidwa theka la chaka mwinanso moyo wake ungatalike. Limeneli ndi funso la mlimi wa ku Ntcheu, ndipo palibe katswiri wa ku Dresden kapena Los Angeles amene adzatiyankhire, chifukwa nyengo yake si imeneyi.

Ena adzati malo kuno ndi ochepa, anthu achuluka, dimba ndi kachigawo, choncho denga logwira ntchito ziwiri likupulumutsa nthaka. Zoona kuti malo akuchepa, koma masikweya mita 6 pamwamba pa thanki sanalande mzere ndi umodzi womwe. Mfundo imeneyi imagwira pa minda ikuluikulu ya ma greenhouse ngati ya ku Lumbadzi pafupi ndi bwalo la ndege, kumene amafuna magetsi ambiri a mafani, makina osakanizira feteleza ndi zipinda zoziziritsira. Ena adzati mapanelo a galasi amabedwa. Amabedwadi, ndipo n'chifukwa chake alimi ambiri amanyamula panelo madzulo kukaigoneka m'nyumba. Koma pepala lodulika ndi mpeni silingamulepheretse wakuba, ndipo akalidula walipha, iye osapindula, mwini wake osapindula.

Mfundo imene ndimaimva ndi ya achinyamata ophunzira, amene amati Amalawi timangodikira zinthu zikalambe kwina kenako n'kumagula zotsalira, bwanji ulendo uno tiyambire limodzi ndi anzathu. Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Koma kuyambira limodzi ndiko kuyesa tokha, kuyeza tokha, kulemba tokha. Tonse taonapo m'midzi mwathu zimene zimatsala pulojekiti ikatha: pampu ya sola yangokhala chifukwa kabokosi koiyendetsa kanapsa ndipo kopezera kena kulibe, mafelemu a greenhouse ali chiimire pulasitiki itang'ambika, amayi a banki m'khonde akubwezabe ngongole ya chinthu chimene chinasiya kugwira ntchito. Amene anabweretsa anajambula zithunzi tsiku lotsegulira ndipo sanabwerenso. Chinthu chimene asayansi eni ake akulimbana nacho kuti chikhalitse sichiyenera kuyesedwa pa ndalama za mayi wogulitsa tomato.

Ndiye pempho langa likupita kwa akuluakulu a nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, amene ali ndi malo ku Bembeke, ndi kwa aphunzitsi a ku LUANAR ku Bunda, a ku MUST ku Thyolo ndi a ku MUBAS ku Blantyre. Mangani ma greenhouse atatu ofanana, a mitengo ndi mapaipi amene mlimi wamba angakwanitse. Ina ikhale ya pulasitiki chabe, ina ya neti ya mthunzi ndi mapanelo a silikoni pambali, inayo ya pepala latsopanoli, theka lomatidwa, theka lokulunga. Mangani atatu ena kuchigwa, ku Bwanje kapena ku Golomoti, chifukwa chimene chingalephere kuphiri chikhoza kupambana kotentha. Dzalani tomato amene alimi akulima kale, tsabola wobiriwira, letesi, ndi mbande za kabichi ndi tomato, pakuti mbande zimafuna mthunzi ndipo nazale mwina ndi pamene pepalali lingayambire kupindula. Yezani makilogalamu, malita a madzi, madigiri, magetsi a mwezi ndi mwezi, ndi kuchuluka kwa mankhwala opopera. Ngati ndalama zilipo, onjezerani njira imene University of Sheffield inayesa ndi anzawo ku Kajiado ku Kenya, yokweza mapanelo a silikoni m'mwamba motalikirana, ndiwo zamasamba n'kumalimidwa pansi pake. Kumeneko kabichi anakula bwino ndi madzi ochepa, ndipo zipangizo zake ndi zopezeka kale.

Makampani opanga mapepalawa akusowa malo otentha, okwera ndi amvula oyesera katundu wawo. Ife malowo tili nawo. Apereke mapepala kwaulere, ife tipereke nthaka, dzuwa ndi akatswiri, koma manambala onse akhale athu ndipo atuluke ngakhale atakhala oipa. Alangizi awatengere ku makalabu, amveke pa wailesi za m'madera, alimi aitanidwe kudzaona ndi maso mu Okutobala ndi mu Febuluwale, osati tsiku lotsegulira lokha. Anyamata ndi atsikana ophunzira zamagetsi m'makoleji a ntchito zamanja akhalepo polumikiza ndi pokonza, kuti chikadzayamba kugulitsidwa wokonza akhale wa pa Lizulu pomwepo.

A Malawi Bureau of Standards ndi a MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, nawo asadikire kuti katunduyu adzaze m'masitolo. Mapanelo wamba omwewa alipo ena olembedwa mawati amene satulutsa, ndipo mlimi alibe choyezera. Pepala lokongola, lodutsa kuwala, lidzakhala losavuta kunamizira. Lamulo linene kuti wogulitsa alembe mawati, kuchuluka kwa kuwala kodutsa ndi zaka za chitsimikizo, ndiponso kuti adzatenga pepalalo likatha ntchito. M'kati mwake muli timizere ta siliva, ena muli chitsulo chotchedwa indium, zonse zomatidwa m'mapulasitiki osanjikiza amene sangalekanitsidwe kumudzi. Tikudziwa kumene pulasitiki yakale ya greenhouse imathera: amafolera khitchini, amayanikapo ufa, yotsala amasonkhezera moto. Dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 mu 2015 ndipo mpaka lero tikulimbana nawo m'misika ndi m'ngalande. Tisaonjezere mtundu wina tisanakonze kobwezera.

Ndipo magetsi akadzachuluka, kaya achokera padenga kaya pambali, ndikanakonda apite kumene mlimi akuluza kwambiri, ndiko pambuyo pothyola. Chipinda choziziritsira cha kalabu pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa Tsangano Turn-off chingamupatse mlimi masiku angapo okanira mtengo wa venda. Tomato safuna kuzizira kwa firiji ya nyama, madigiri 12 kapena 13 akukwana, ndipo chipinda chotere chikutheka lero ndi mapanelo ndi mabatire amene alipo kale.

Kwa inu bambo kapena mayi amene mwasunga ndalama za kachewere wa chaka chino ndipo mukulingalira za greenhouse, gulani pulasitiki ya mamaikironi 200 yotetezedwa ku dzuwa, osati pepala lakuda kapena loyera la m'golosale. Mangani motalika, musiye mpata wotulukira mpweya wotentha kumwamba, m'mbali muike neti. Ikani ngalande ya padenga yolowetsa madzi mu thanki, mapaipi a drip ndi sefa yake, pampu yaing'ono ndi panelo imodzi kapena ziwiri za silikoni, ndipo risiti ndi chikalata cha chitsimikizo muzisunge. Wina akabwera ndi pepala lopanga magetsi, mufunseni kuti layalidwa pa greenhouse ya ndani m'Malawi muno, kwa zaka zingati, ndipo mukwere basi mukaione nokha.